Khoma Limodzi la a Chimbalanga

M'dziko la Pamasopokha, limene simungalipeze pa mapu chifukwa komiti yojambula mapu ikadali pa msonkhano, munali yunivesite imodzi yokha basi, Yunivesite ya Chifumu ya Nzeruzayenda. Kamodzi pa chaka, pa tsiku lopereka madigiri, Mfumu Ndamvakale Yachiwiri inkabwera kudzaiona sukuluyo. Ndikati kuiona ndikunena kuona kwa maso, kudzera pa zenera la galimoto. Galimotoyo inkalowa pa geti lalikulu n'kutsata msewu wa phula mpaka pakhomo pa holo, ndipo mfumu ikatha kugogoda ana a eni pamutu ndi chisoti, inkabwerera momwemo. Phazi lake silinapondepo udzu wa pasukulupo. Msewu umenewu anthu ankautchula kuti Njira ya Diso.

Mwini wake weniweni wa njirayo anali bambo Yotamu Chimbalanga, Mkulu Woona za Chuma, Malonda, Nyumba, Mapaipi ndi Zina Zonse Zotsala. Analowa ntchito akusunga makiyi a sitolo, tsitsi lili bii. Patapita zaka makumi anayi anali ndi dazi lowala, mimba yaulemu ndi ofesi ya kapeti yofiira. Akuluakulu a sukulu ankabwera n'kupita, maprofesa ankamwalira kapena kuthawira kunja, koma a Chimbalanga anali pomwepo ngati chulu.

Nzeru imene inawakweza anaitola akadali kusitolo. Anaona kuti mfumu imakhala mpando wakumbuyo, imayang'ana mbali imodzi popita ndi mbali ina pobwerera, ndipo siitsika. Anzawo onse anaziona zimenezi n'kungoti ndi mmene amakhalira mafumu. A Chimbalanga anaonapo ndondomeko. Atangofika pa udindo analemba lamulo lalifupi n'kulikhoma m'maofesi onse: "Chimene mfumu sinachione sichinawonongeke."

Kuyambira pamenepo ndalama za mapaipi zinkagula penti, za malata zinkagula penti, za mankhwala a kuchipatala cha ana a sukulu zinkagulanso penti. Mitengo ya m'mbali mwa Njira ya Diso inkapakidwa laimu mpaka m'chiuno, miyala chimodzimodzi, ndipo chaka china mbuzi imene inagona malo olakwika inadzuka itayera mbali imodzi. Ku laibulale mabuku onse anawasamutsira pa shelefu yoyang'anizana ndi zenera, kumbuyo kwake n'kusiyira nkhunda. Mpopi wokongoletsa wa pa geti unkatumphutsa madzi tsiku limodzi pa chaka, ndipo pa tsikulo ana a sukulu sankasamba. Za malonda ndiye osanena. Bwalo la mpira analibwereketsa kwa wolima chimanga, ndipo m'chipinda cha sayansi munkaikira nkhuku za mazira. Munthu wobwera kudzadandaula za denga lodontha ankalandiridwa bwino, n'kufunsidwa funso limodzi lokha, lakuti kodi dengalo likuonekera kumsewu.

Koma ntchito imene a Chimbalanga ankadziguguda nayo pachifuwa inali Nyumba ya Chitsanzo. Chaka china mfumu inafunsa kuti aphunzitsi a pasukulupo amagona kuti. Aphunzitsiwo ankachita lendi timanyumba ta kuseri kwa msika wa Tingopenya, koma yankho limenelo silinali loyenera khutu lachifumu. Choncho pa kona ya Njira ya Diso panamera nyumba: khonde la nsanamira zoyera, mazenera anayi a makatani a maluwa, chitseko cha mbawa, ndi mzere wa malata ofiira wophimba khondelo. Nyumba yonseyo inali khoma limodzi. Kumbuyo kwake kunali mitengo ya bulugama yolichirikiza, ndi tchire. M'mbali anabzala mpanda wamaluwa wautali kuti diso lisapite kumene silinaitanidwe. Dziko lonse linkadziwa, kupatula munthu mmodzi. Chaka chilichonse galimoto ikafika pa konapo, mfumu inkauza dalaivala kuti achepetse liwiro, n'kupumira m'mwamba.

"Nyumba imeneyo!" inkatero.

Khomalo linawakweza a Chimbalanga pa ntchito katatu.

Tsono nthawi yopuma ntchito inakwana, ndipo apa m'pamene panagona vuto. Munthu amene anayang'anira nyumba zonse za yunivesite analibe ngakhale kakhitchini ka m'dzina lake. Ankakhala m'nyumba ya sukulu yotchedwa Nambala Wanu, kuseri kwa mitengo, kutali ndi Njira ya Diso. Inali nyumba yokhayo pasukulupo imene denga lake silinkadontha ndipo mpopi wake unkatulutsa madzi, pakuti lamulo lija linkathera pa geti lawo. Koma munthu akapuma ntchito amabweza makiyi.

Akazi awo, a Nankhoma, anali atainena nkhaniyi mpaka kukhosi kuuma.

"Bambo, anzanu onse anaumba njerwa kalekale. Ife tikatuluka muno tikalowa kuti? Kumudzi kwanu simunapondeko chimwalirire amayi anu. Kapena mukuti tikagone ndi nkhuku zanu zija?"

"A Nankhoma, za boma muzindisiyira ine," anayankha a Chimbalanga akusisita mimba. "Mfumu siiwala anthu ake. Ndalankhula kale ndi akuluakulu. Nyumba ino tiferamo, mudzandiuza."

Ankadalira mwambo wa dzikolo. Wantchito amene watumikira nthawi yaitali ankalandira mphatso yochokera pakamwa penipeni pa mfumu, ndipo mphatso yoteroyo sinkakanidwa, sinkagulitsidwa, sinkasinthidwa. A Chimbalanga anali atatumiza kale kwa Nduna ya Maphunziro nkhuku zonenepa za m'chipinda cha sayansi chija, pamodzi ndi mawu akuti nkhalamba siifuna zambiri, Nambala Wanu yokha ikwanira.

Nkhaniyo inafika ku bwalo la nduna, ku likulu la Tiombemmanja. Nduna zinatha m'mawa wonse zikukambirana ngati nkhaniyo iyenera kukambidwa, ndipo zitagwirizana kuti iyenera, zinapita kokadya. Zitabwerako, Nduna ya Maphunziro inaimirira n'kuwerama mpaka tayi kukhudza pansi.

"Mwini dziko, kapolo wanu Chimbalanga wakalamba. Iye sakupempha kanthu, koma ife tikuti mwina mungamusiyire kanyumba kamene akukhalamo, Nambala Wanu."

"Ili pati imeneyo?" inafunsa mfumu.

"Kuseri kwa mitengo, mwini dziko. Siionekera kumsewu."

Mfumu inakwinya nkhope. "Ndiye kuti munthu amene wandikongoletsera sukulu zaka zonsezi mukufuna mumutaye kuseri kwa mitengo ngati chimbudzi? Nyumba imene ine sindinaionepo ingakhale nyumba? Mulibe manyazi! Mupatseni yanga ija ya pa kona, ya malata ofiira."

Nduna iliyonse inkadziwa chimene chili kuseri kwa chitseko cha mbawa, ndipo ziwiri mwa izo zinali zitakatayako madzi pa tsiku la madigiri. Nduna ya Maphunziro inayang'ana ya Zomangamanga, ya Zomangamanga inayang'ana ya Chilungamo, ndipo ya Chilungamo inayang'ana nsapato zake. Kenaka wina anaomba m'manja, onse n'kulandira. Nduna ya Maphunziro inagwetsa misozi chifukwa cha kuolowa manja kwa mfumu, ndipo za nkhuku zija sinazikumbukenso.

Palibe amene anawatsina khutu a Chimbalanga. Pa tsiku la madigiri anavala suti yatsopano, a Nankhoma chilundu chawo cha pa zikondwerero, n'kukhala mpando wakutsogolo m'holo. Mneneri wa mfumu anawerenga mbiri yawo. Anawatchula kuti bambo wa chitukuko, mdani wa dzimbiri, mkango wa penti. Anati pa nthawi yonse ya utsogoleri wawo palibe denga limene linadonthapo, ndipo ana a sukulu amene anakhala kumbuyo anaomba m'manja ndi mphamvu yodabwitsa. Kenaka mfumu inaimirira.

"Chimbalanga, bwera kuno."

Anapita chowerama, akuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Kuyambira lero Nyumba ya Chitsanzo ndi yako. Ukhalamo iwe ndi mkazi wako mpaka imfa. Ndisadzamve kuti wagona kwina, munthu wanga sagona m'nyumba za lendi. Ndipo ndikamadutsa ndizikuonani nonse awiri pa zenera."

Makiyi anagwera m'manja mwawo. Anali makiyi amene anagula okha. A Chimbalanga anachita mantha a mtundu umene sanaumvepo chiyambire ntchito. Njira yopulumukira inalipo imodzi yokha, kunena poyera kuti nyumbayo ndi khoma. Koma m'dziko la Pamasopokha munthu wonamiza diso la mfumu ankapita ku ndende ya Musandidikire, ndipo iwo anali atalinamiza disolo chaka ndi chaka, n'kulandirirapo mamendulo. Anatsegula pakamwa. Holo yonse inatchera khutu, pakuti aliyense ankafuna kumva chimene chitulukemo.

"Mwini dziko," anatero, "nyumba imeneyi ine sindikuiyenera."

"Taonani kudzichepetsa!" inafuula mfumu. "Ukuiyenera kuposa munthu wina aliyense m'dziko lino."

Pa mfundo imeneyi, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dzikolo, mfumu ndi anthu ake anagwirizana. M'manja munaombedwa mpaka laimu kuyoyoka m'makoma.

Ku msika wa Tingopenya nkhaniyo inafika galimoto ya mfumu isanatuluke pa geti. Mayi Esinala, ogulitsa tomato, amene mwana wawo anaphunzira digiri yonse atafunda ambulera m'kalasi, anapukuta manja m'chitenje.

"Koma anthu ena ndi amwayi, inu," anauza a Dulani, okhoma zidebe pafupi nawo. "Nyumba yosasesa. Mphepo yaulere mbali zitatu."

"Ndipo akuba sangawathyolere chitseko," anayankha a Dulani osadzutsa mutu. "Athyolerenji? Angozungulira."

"Ine ndimapanikizana ndi ana m'kachipinda kamodzi. Iwo pabalaza pawo pakathera kumtsinje."

"Musachite nsanje, mayi. Anaigwirira ntchito."

Tsiku losamuka, thirakitala ya sukulu inatula katundu pakhonde: sofa, bedi, firiji, kabati ya mbale. A Chimbalanga anati adzere m'mbali, pa kampata ka mpanda, poti m'pafupi. A Nankhoma anakana.

"Nyumba yanga yatsopano ndilowera pakhomo."

Analanda makiyi, anatsegula chitseko cha mbawa, anapukuta mapazi, n'kulowa. Anapezeka ali panja. Udzu unawafika m'chiuno, gulo anathawira pa mtengo wochirikiza khoma, ndipo patali ng'ombe za eni zinadzutsa mitu kuona anansi atsopano.

Mayiyu anali atatha zaka zonsezo akusita masuti, akuphikira alendo a ku likulu, akudikira tsiku limene adzakhale ndi pake pobzala mtengo wa mango osapempha chilolezo. Chisoni chinawagwira ndithu, koma sanalire.

"Bambo," anatero osatembenuka, "kuchipinda n'kuti? Ndingaike bedi pabalaza, alendo n'kudzatiseka."

A Chimbalanga anayang'ana makatani. Chakumbuyo kuno anali odyedwa ndi chiswe.

M'mawa mwake anavala suti n'kupita ku ofesi yawo yakale. Pa mpando wawo panali a Aroni Kambalame, amene anali wachiwiri wawo kwa zaka zambiri, munthu amene iwo anamuphunzitsa okha kusiyanitsa penti wa mafuta ndi wa madzi. A Kambalame anaimirira mwaulemu, anawapatsa mpando, n'kuitanitsa tiyi.

"Mwana wanga Aroni, sindizungulira. Mvula ili pafupi. Ndikufuna makoma atatu ndi malata. Ngakhale njerwa zosaotcha ndilandira."

"Bwana, nkhani yanu ndi yomvetsa chisoni," anatero a Kambalame, ndipo ankaonekadi achisoni. "Koma ndifunse kaye, monga mwa ndondomeko. Makoma atatuwo akusowa mbali iti?"

"Kumbuyo ndi m'mbali. Ukudziwa iwe."

"Kukuonekera kumsewu?"

A Chimbalanga anakweza maso. Pamwamba pa mutu wa a Kambalame panali lamulo lija, m'felemu yagolide, siginecha yawo ili pansi.

"Aroni, limenelo ndinalembera ana a sukulu ndi aphunzitsi. Ine ndine munthu wamkulu. Amayi ako kunyumbaku ali ndi nyamakazi."

"Ndikumva, bwana. Koma lole ikakatsitsa njerwa pa konapo, kaya ndi za sukulu kaya mwagula nokha, ku likulu adzafunsa kuti nyumba yathunthu imene mfumu inapereka ikufunanso njerwa za chiyani. Ndidzayankha bwanji? Kuti mfumu inapereka khoma? Nanga analimanga ndani? Inu mudzalowa ku Musandidikire, ine n'kukutsatirani pambuyo ndi sutikesi yanu. Ndikukutetezani, bwana."

"Chabwino. Tizigona pakhonde, pali malata."

A Kambalame anagwira pakamwa. "Pakhonde, bwana? Poonekera kumsewu? Inu amene munachotsa mlonda ntchito chifukwa choyanika masokosi pakhonde lomwelo? Ndipo ndinafuna ndikuuzeni, sofa ija ichoke lero."

"Ndiye ndichite chiyani?"

A Kambalame anawerama n'kutulutsa chitini pansi pa tebulo. "Uthenga wafika kuti mfumu idutsa sabata yamawa kudzaona mmene mwakhazikikira. Ndaona kuti nsanamira yakumanzere yayamba kusupuka. Uyu ndi wa mafuta, bwana, wabwino uja mumamukonda. Bulashi yokha mudzabweze."

A Chimbalanga ananyamula chitinicho n'kutsika nacho Njira ya Diso wapansi. Aphunzitsi amene anakumana nawo anawavulira zipewa ndi kuwafunsa za kunyumba, ena mpaka kawiri. Ndipo tinene zoona, pasakhale miseche: nsanamira ija anaipaka bwino kwambiri.

Tsiku lomwelo a Nankhoma anatulukira pa msika wa Tingopenya, mpango utafika m'maso, kufunafuna pepala lakuda la pulasitiki, lija amayala pansi pa udzu pofolera. Msika wonse unatanganidwa mwadzidzidzi ndi ntchito zake. Mayi Esinala okha ndi amene analephera kuugwira mtima.

"Mwaswera bwanji, mayi? Tamva za mwayi wanu. Pepalali n'lofolera nkhuku?"

"N'lofolera anthu," anatero a Nankhoma.

Sanaseke, ndipo mayi Esinala nawo phwete linawathera. Anayang'ana mapazi otupa a mayi mnzawoyo, amene sanalembepo lamulo lililonse chibadwire. Anawaikira tomato m'thumba, ndipo a Dulani anapereka chidebe chatsopano, ati chikhoza kufunika.

Pa tsiku limene mfumu inanena, kumwamba kunada kuyambira m'mawa. Pepala lija linali laling'ono, linangokwanira bedi ndi firiji, ndipo a Chimbalanga analimanga motsika kuti lisasuzumire pamwamba pa khoma. Masailini a galimoto za mfumu atangomveka pa geti, mvula yoyamba inatsanuka, ya mphepo ndi matalala. Pepala linathothoka n'kuuluka kulowera kumtsinje. Sofa inayamba kumwa madzi, mbale zinalira m'kabati, ndipo matope anafika m'akakolo.

Nkhalamba ziwirizo zinaima pa zenera limodzi n'kukankhira makatani m'mbali. A Nankhoma anatsegula ambulera.

"Tsekani imeneyo!" ananong'ona a Chimbalanga mwaukali. "Ambulera m'nyumba? Ikuonekera kumsewu."

A Nankhoma anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, monga mmene munthu amayang'anira chimanga chimene anankafumbwe amaliza. Kenaka anaitseka.

Galimoto inafika pa kona n'kuchepetsa liwiro. Kudzera pa galasi lake, mfumu inaona khonde loyera, nsanamira zowala, ndi nkhope ziwiri pa zenera, madzi akutsika m'masaya.

"Taonani," inauza Nduna ya Maphunziro imene inali pambali pake, "akulira ndi chimwemwe. Ukauze anzako kuti aphunzitsi onse amangiridwe nyumba ngati imeneyi."

"Zachitika kale, mwini dziko," inayankha ndunayo.

Galimoto itayamba kuchoka, a Chimbalanga anathamangira ku chitseko, anachitsegula, n'kutuluka pakhonde kuti akawerame monga mwa mwambo. Anawerama mpaka masailini anazimiririka. Ataweramuka anazindikira kuti pamene aimapo m'pouma. Malata ofiira aja, amene anawasankha okha, ankagwira mvula bwinobwino. Anaima pamenepo, suti ikudontha, osafuna kusuntha, ndipo kwa kanthawi anaganiza zoitana akazi awo. Koma kumsewu kunali anthu obisala mvula pansi pa mitengo yopakidwa laimu, onse akuyang'ana.

Kumbuyo kwawo kunamveka mawu a a Nankhoma, odekha, opanda ukali uliwonse.

"Bambo, tsekani chitseko. Mvula ingalowe m'nyumba."

A Chimbalanga anapukuta mapazi, analowa mu mvula, n'kutseka.